Zithunzi zanga zausiku zikutuluka zachimbuuzi, ndithandizeni

Lolemba madzulo

Tiyamike: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndine wa ku Area 25, ndalowa pagulu pano sabata yatha. Mu Epulo ndinagula Canon 600D kwa munthu, ili ndi lenzi yake ija ya 18-55mm. Masana sindidandaula nayo. Vuto langa ndi usiku. Loweruka lapitali kunali chinkhoswe cha msuweni wanga ku Kawale, akuchimuna anafika mochedwa, ndiye pomwe ankhoswe ankapatsana nkhuku dzuwa linali litalowa kale. Pabwalo panali babu limodzi lokha la pakhonde. Zithunzi zonse za nthawi imeneyo zatuluka zachimbuuzi, manja a amalume akuoneka ngati utsi, tambala sakudziwika n'komwe kuti ndi tambala. Azakhali akufunsa zithunzizo ndipo ndikusowa chowayankha. Loweruka likubwerali mnzanga wa kukwaya akukwatiwa. Wojambula wamkulu alipo, koma andipempha kuti ndithandize kumadyerero. Chonde ndiuzeni masetingi, ndisakabwerezenso zomwezi.

Yamikani: Takulandirani achemwali. Musanasinthe kalikonse, tsegulani chimodzi mwa zithunzi zowonongekazo pa kamera pomwepo, mudine batani la INFO, mutiuze manambala amene akuoneka pamwamba.

Tiyamike: Palembedwa 1/8, F5.6, ISO 3200. Ndinaika pa kachizindikiro kozimitsa flash kaja chifukwa sindinkafuna kuthobwa anthu m'maso.

Yamikani: Matenda apezeka, ndi 1/8 imeneyo. Kamera yanu ilibe vuto. Nambala imeneyo ndi shutter speed, kutanthauza nthawi imene kamera imakhala itatsegula kuti kuwala kulowe. Sekondi imodzi muigawe pasanu ndi patatu, gawo limodzi ndiye 1/8. Zikumveka ngati nthawi yochepa, koma pa nthawi imeneyo dzanja la munthu wopereka nkhuku layenda kale, nkhukuyo yakupiza mapiko, inunso manja anu anjenjemera. Zonsezo zimalembeka pa chithunzi chimodzi, n'chifukwa chake mukuona utsi.

Kamera inachita zimenezo posowa pothawira. Ili ndi njira zitatu zokha zopezera kuwala. Yoyamba ndi kukulitsa bowo la mu lenzi, ndiye aperture, ma F aja. Nambala ikakhala yaing'ono bowo ndi lalikulu. Yachiwiri ndi kutsegula nthawi yaitali. Yachitatu ndi ISO, imene ili ngati kukweza voliyumu ya wailesi pomwe siteshoni ikumveka patali: mawu amakwera koma kusokosera nako kumakwera. Inu bowo linali litafika pomaliza, ISO inafika pamene Auto imalekezera, ndiye chotsala chinali kuchedwetsa shutter basi.

Nabanda: Ndiwonjezere pang'ono asisi. F5.6 ikundiuza kuti munapanga zoom mpaka 55mm. Lenzi imeneyo imatsegula F3.5 ikakhala pa 18mm, koma mukamaikokera pafupi bowo limachepa lokha mpaka F5.6. Mukanabwerera pa 18mm n'kuyandikira ndi miyendo, kuwala kukanalowa kowirikiza kawiri ndi theka, ndipo m'malo mwa 1/8 mukanapeza 1/20. Sikokwanira ayi, koma n'chiyambi. Usiku zoom ndi miyendo yanu.

Tiyamike: Zoona, ndinaima kumbuyo kwa mipando chifukwa ndinkachita manyazi kudutsa pamaso pa akuluakulu.

Bambo a Chikondi: Mwanangu, pamenepo ndiye pamene pagona nkhani, osati pa mabatani. Ine ndinayamba kujambula ndi filimu, ya ISO 400, yolowa zithunzi 36. Kunalibe kuyang'ana kumbuyo kwa kamera, unkadziwa zomwe wachita patapita masiku, utakatenga zithunzi kotsukitsa ku Old Town. Ndiye tinkaphunzira chinthu chimodzi: ukafika pamalo, usanatulutse kamera m'chikwama, yang'ana kaye kuti kuwala kukuchokera kuti. Pa chinkhoswe chanucho babu linali pakhonde. Mukanapita kwa wotsogolera mwambo, n'kugwada pang'ono, n'kumunong'oneza kuti ankhoswe asendere kufupi ndi khonde, palibe akanakukanizani. Anthu amafuna chithunzi chabwino kuposa mmene inu mukuchifunira. Munthu akasendera pafupi ndi babu ndi theka la mtunda, kuwala pankhope pake kumachuluka kanayi. Palibe seting'i ya mu kamera imene ingakupatseni zimenezo mwaulere.

Yamikani: Madala anena zoona. Koma masetingi nawo tiwapatse ndithu. Chokani pa Auto, pitani pa M, pamene masetingi onse mumaika nokha. Pa 600D kagudumu kali kamodzi, kamasintha shutter. Kuti musinthe aperture gwirani batani lolembedwa Av kumbuyoko uku mukutembenuza kagudumu komweko. ISO ili ndi batani lake pamwamba. Ine ndimayamba ndi shutter, chifukwa ndi imene imapha chithunzi. Anthu okhala pansi kapena oima chilili, musatsike pansi pa 1/60. Oyenda, 1/125. Ovina, 1/200 kapena 1/250. Kenako tsegulani aperture mpaka pomaliza. ISO ndi yomalizira, muikweze mpaka chithunzi chiwale, kaya ifike 3200 kaya 6400.

Kondwani: 6400 pa 600D amwene? Kamera ya 2011 imeneyo. Chithunzi chidzadzaza mchenga okhaokha. Ine yanga sindidutsa 1600.

Yamikani: Mchengawo ulipo ndithu, sindikukana. Walira mvula walira matope. Koma tayerekezani zithunzi ziwiri: china chili ndi timadontho koma nkhope ya amalume ikuoneka, maso akuoneka, tambala akuoneka. China n'chosalala koma munthu wasanduka utsi. Azakhali asankha chiti? Timadontho timachepetseka pa kompyuta, ndiponso zithunzi zambiri anthu amaonera pa foni, pa WhatsApp, pomwe sitioneka n'komwe. Chogwedezeka palibe amene angachikonze.

Chinanso a Kondwani, mchenga woipitsitsa subwera chifukwa cha ISO yokwera. Umabwera mukajambula chithunzi chakuda pa 800 kenako n'kuchiwalitsa mokakamiza pa kompyuta. Pamenepo ndiye mumaona madontho ofiira ndi obiriwira m'mithunzi. Bola kujambuliratu chowala bwino pa 3200.

Kondwani: Apo ndavomera, zinandichitikira pa mapemphero a usiku wonse chaka chatha. Komabe ine ndimakonda flash.

Nabanda: Tiyamike, mawa usiku yesererani. Osadikira Loweruka. Pafupi ndi kwanu pali chiwaya kapena okazinga kanyenya? Malo amenewo ndi sukulu yabwino, pali babu limodzi, utsi, manja akuyenda. Mupemphe kaye mwini wake, mugule tchipisi, mukamaliza mumuonetse zithunzi.

Lachiwiri usiku

Tiyamike: Ndabwerako! Ndinapita pa chiwaya cha pafupi ndi siteji, mchimwene wanga anandiperekeza. Mnyamata wake anavomera mosavuta. Babu lake lapachikidwa pa nsungwi, kumanja kwake. Poyamba ndinaima kutsogolo kwa babu, chithunzi chinatuluka babu lowala kwambiri, iye wakuda bii. Ndinakumbukira za Bambo a Chikondi, ndinazungulira mpaka babu linakhala pambali panga. Pamenepo nkhope inaoneka theka, thukuta likunyezimira pachipumi, nthunzi ya mafuta ikukwera moyera kumbuyo kwake. Ndinaika 18mm, F3.5, 1/60, ISO 3200. Nkhope ili bwinobwino, koma dzanja logwira chipande likadali lachimbuuzi. Pa 1/125 ndi ISO 6400 dzanja linaima. Ndatumiza zonse ziwiri. Funso langa, bwanji zonse zikuoneka zachikasu ngati ndathira kale wa mu ndiwo?

Bambo a Chikondi: Chithunzi choyambacho ndachikonda kuposa chachiwiri. Dzanja loyendalo likuonetsa kuti munthu ali pa ntchito. Nkhope ikangokhala yakuthwa, kwinako kukhoza kuyenda. Mwachita bwino mwanangu.

Nabanda: Chikasucho ndi white balance. Maso athu amazolowera mtundu wa kuwala koma kamera imajambula mmene ziliri. Dinani WB kumbuyoko, musankhe kachizindikiro ka babu, ndi ka kuwala kwa pafupifupi 3200K, chikasu chichepa. Mababu oyera a LED aja nthawi zambiri Auto imawatha. Koma langizo langa lenileni, jambulani RAW, mtundu wa fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona isanazikonze yokha. Pa menu yoyamba pa Quality musankhe RAW+L, mukhala ndi mafayilo awiri. Ndi RAW mtundu mumakonza pambuyo popanda kuwononga chithunzi. Pulogalamu ya Canon yotchedwa Digital Photo Professional ndi yaulere. Kungoti fayilo imodzi imadya pafupifupi 25MB, ndiye khadi ya 8GB sikufikitsani kumapeto kwa ukwati. Pezani ya 32GB.

Ndipo musachichotse chonse chikasucho. Usiku uzioneka kuti ndi usiku.

Tiyamike: Vuto lina, lenzi imangopita kutsogolo ndi kumbuyo, kulira, osagwira focus. Nthawi zina batani limakana kujambula.

Yamikani: Kamera yanu ili ndi timadontho 9 ta focus, koma kamphamvu mumdima ndi kapakati kokha. Sankhani kameneko. Ndipo musakalozetse pa tsaya kapena pa jekete yakuda, pamenepo palibe choti igwire. Lozani pamene choyera chakumana ndi chakuda: diso, kolala ya shati, m'mphepete mwa duku. Dinani theka, ikagwira musasiye chala, konzani chithunzi mmene mukufunira, kenako malizani kudina.

Mphatso wa ku Likuni: Pepani ndilowerere. Ife a mafoni titani? Ndili ndi Tecno, usiku zithunzi zimatuluka ngati zopaka phala.

Dalitso: Aise, yamba wapukuta kagalasi ka kamerako ndi nsalu yofewa. Foni imakhala m'thumba ndi m'manja tsiku lonse, mafuta a zala ndi amene amapangitsa magetsi kuoneka ngati atambasuka mizeremizere. Kenako gwiritsa Night mode. Imajambula zithunzi zingapo motsatizana n'kuziphatikiza, ndiye pamafunika kuti usagwedezeke masekondi awiri kapena atatu, ndipo wojambulidwayo umuuze aime. Tsamiritsa foni pa khoma kapena pa tebulo. Osapanga zoom ndi zala. Ukadina pankhope pamatuluka kadzuwa, ukakokere pansi pang'ono ngati magetsi akuwala mopitirira.

Mphatso wa ku Likuni: Zopukutazo ndayesa pompano, kusiyana kulipo ndithu. Zikomo.

Lachitatu

Tiyamike: Ndakaona holo ija masana ano. Denga ndi lalitali, la malata, lopanda siling'i. Magetsi ndi machubu aatali aja. Madyerero akuti ayamba 2 koloko.

Nabanda: Akati 2 koloko muziwerengera kuti perekaniperekani adzafika pachimake dzuwa likulowa. Muno mu Juni dzuwa la Lilongwe likulowa isanakwane 5:30, ndipo kuno mdima suchedwa, pofika 6 koloko kwada. Mu holo kumayamba kuda kale kuposa panja. Muzikweza ISO pang'onopang'ono nthawi ikamapita, osadikira kuti zithunzi ziyambe kuwonongeka. Ine ndimayamba 800 masana, cha m'ma 4 koloko ndili pa 1600, kukada 3200.

Kondwani: Machubu amenewo samalani nawo. Magetsi athu kuno ndi a 50Hz, ndiye machubu amaphethira ka 100 pa sekondi, maso sationa koma kamera imaona. Mukaika 1/250 mupeza chithunzi china chowala, chotsatira chakuda, china theka lobiriwira theka labwino, masetingi ali omwewo. Pa 1/100 kapena 1/50 zimenezo zimatha. Ngati mudzajambule vidiyo ikani 25 pa mafelemu ndi shutter 1/50.

Tiyamike: Ndiye ndasokonezeka. A Yamikani anati ovina 1/200, inu mukuti 1/100.

Yamikani: Onse tikunena zoona, kungoti holo yanu yatipanikiza. Loweruka mukafika jambulani khoma loyera kasanu motsatizana pa 1/200. Zikafanana zonse, pitirizani. Zikasiyana mitundu, tsikani pa 1/100 ndipo muphunzire kudikira. Wovina aliyense ali ndi kamphindi kamene amaima, dzanja likafika pamwamba lisanaponye ndalama, kapena chiuno chikafika mbali imodzi chisanabwerere. Mverani ng'oma ya nyimboyo, mudine pa kamphindi kameneko. Inu ndinu wa kwaya, zimenezi simuvutika nazo.

Bambo a Chikondi: Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ine ndibwerere ku flash, chifukwa ana inu mukuiopa ngati njoka. Flash si yoipa, choipa ndi kuiwombetsa pankhope mwachindunji uli pa Auto. Pamenepo chipumi chimanyezimira ngati galasi, kumbuyo kumada bii, munthu amaoneka ngati wagwidwa akuba. Flash yabwino ndi yothandizana ndi kuwala kwa m'chipindamo. Muike M, 1/100, F4, ISO 1600, kuti magetsi a mu holo aoneke kumbuyoko, flash ingowonjezera pankhope. Kuwala kwa flash n'kwa kanthawi kochepa zedi, ndiye kumaimitsa wovina ngakhale shutter ili pa 1/100.

Mukanakhala ndi flash yapamwamba ija ndi siling'i yoyera, ndikanati muilozetse kumwamba kuwala kugwe kofewa. Pa malata aataliwo sizitheka, kuwala kumangotayika. Ife timamangirira kakhadi koyera kumutu kwa flash ndi labala. Inu muli ndi kaflash ka pa kamera kokha, ndiye muchepetse mphamvu yake pa flash exposure compensation, muike -1, ndipo musajambule munthu amene ali kutali kupitirira mamita atatu kapena anayi.

Kondwani: Ndipo ndi flash musadutse 1/200 pa kamera imeneyo, ndi malire ake. Chinanso musachoke pa M kupita pa Av, pamene kamera imasankha yokha shutter, muli ndi flash mumdima. Canon pa Av imachedwetsa shutter yokha kuti kumbuyo kuwale, mudzangomva kuti tswaa... tswii, chithunzi chagwedezeka kale.

Nabanda: Pali nkhani imene sitinaikhudze, ndipo kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse. Khungu lathu. Kamita ka mu kamera kamayeza kuwala kwa chithunzi chonse n'kufuna kuti pakhale pakatikati. Mkwatibwi wavala diresi loyera mbee, kumbuyo kuli nsalu zoyera zokongoletsera ndi timagetsi. Kamera ikaona zoyera zonsezo imaganiza kuti kwawala kwambiri, imachepetsa, ndiye nkhope ya mkwatibwi imamira. Ndaonapo ma albamu ambiri muno mu tauni momwe diresi likuoneka ulusi uliwonse koma mwini diresi sakudziwika. Zimandipweteka mtima, chifukwa mtsikana wakonzekera tsiku limeneli miyezi yambiri.

Ndiye mukajambula, kuzani chithunzi pa sikirini muone nkhope, osati diresi. Ngati kamuvi ka mita kali pa 0 koma nkhope ndi yakuda, wonjezerani mpaka +1. Diresi likapserera pang'ono, RAW imabweza zina. Komanso musapitirire mpaka kumuyeretsa munthu. Wakuda aoneke wakuda wokongola mmene Mulungu anamulengera, woyererako chimodzimodzi. Khungu lakuda limakongola kwambiri kuwala kukachokera pambali, monga munaonera pa mnyamata wa chiwaya uja.

Tiyamike: Izi ndazilemba m'kope. Zikomo kwambiri asisi.

Yamikani: Achemwali, ndili ndi 50mm F1.8 imene sindiigwiritsa ntchito Loweruka. Ndimagwira ntchito ku City Centre, mukhoza kudzatenga Lachisanu pa nkhomaliro, mudzabweze Lolemba. Poyerekeza ndi F5.6, F1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Pa chinkhoswe paja mukanapeza 1/80 m'malo mwa 1/8, babu lomwelo, ISO yomweyo. Kungoti pa kamera yanu 50mm imaona ngati 80mm, ndiye imafuna mubwerere m'mbuyo, ndipo ilibe zoom.

Tiyamike: Achimwene, ndilibe mawu. Ndidzaisamala ngati dzira.

Lachinayi

Dalitso: Poti nkhani ndi ya usiku, ndifunseko zanga. Kwathu ku Area 49 magetsi anazima dzulo, ndinatuluka panja n'kuona nyenyezi mmene sindinazionerepo chibwerereni mu tauni. Ndinayesa ndi Nikon D3500 yanga, zinatuluka zakuda zokhazokha.

Yamikani: Nyenyezi ndi dziko lina. Kumeneko shutter imachedwa dala, ndiye kamera isakhale m'manja. Ngati mulibe tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu chija, thirani nyemba kapena mpunga m'kathumba ka nsalu, muike pa mpanda kapena pa denga la galimoto, kamera ikhale pamenepo, imakhazikika bwino kwambiri. Muike 18mm, F3.5, ISO 3200, masekondi 15. Mukapitirira kwambiri nyenyezi zimayamba kukoka timichira chifukwa dziko likuzungulira. Pali kawerengedwe kake: 500 kugawa ndi utali wa lenzi, mutauchulukitsa kaye ndi 1.5 pa Nikon yanu kapena 1.6 pa Canon. Pa 18mm zimapereka masekondi 17 kapena 18.

Focus muichotse pa auto. Yatsani live view kuti muzionera pa sikirini, lozani nyenyezi yowala kwambiri, kuzani mpaka pomaliza, tembenuzani mphete ya focus pang'onopang'ono mpaka nyenyeziyo ikhale kadontho kakang'ono zedi. Mukatero osaikhudzanso. Ikani timer ya masekondi awiri kuti chala chanu chisagwedeze kamera, ndipo zimitsani VR, chija cha mu lenzi chochepetsa kugwedezeka kwa manja.

Bambo a Chikondi: Ino ndiye nyengo yake. Juni, Julayi, kumwamba kulibe mitambo, fumbi ndi utsi wa moto wa tchire sizinachuluke ngati mu Okutobala. Mlalang'amba umatuluka chakum'mawa kukangoda, pofika pakati pa usiku uli pamwamba pa mutu. Chakumwera mudzaona nyenyezi zinayi zija zokhala ngati mtanda. Koma musankhe masiku amene mwezi uli kumdima, ukakhala wathunthu umaphimba zonse. Ndipo tulukani mu tauni, cha ku Malingunde kapena njira ya ku Dzalanyama. Mutenge batire lachiwiri muliike m'thumba la malaya, kuzizira kumamaliza batire msanga. Mame nawo amagwera pa lenzi, muziyang'ana.

Dalitso: Nanga mwezi womwewo? Umangotuluka ngati babu.

Kondwani: Chifukwa mwezi ukuwalitsidwa ndi dzuwa, ndiye muujambule ngati chinthu cha masana. ISO 100, F8, 1/250, muyambire pamenepo. Mudzaona mabala ake onse.

Mphatso wa ku Likuni: Ine zimene zimandisangalatsa ndi zithunzi zija magalimoto amaoneka mizere yofiira ndi yoyera. Ndinaona china cha pa interchange ya Area 18.

Kondwani: Zosavuta zimenezo: tripod, ISO 100, F11, masekondi 15 kapena 20. Nthawi yabwino ndi dzuwa litangolowa kumene, kumwamba kukadali kobiriwira, magalimoto a anthu oweruka ali ambiri. Kamphindi kameneko sikadutsa mphindi makumi awiri. Koma musapite nokha, muzikhala atatu kapena anayi, wina aziyang'ana kumbuyo. Ndipo malo a asilikali ndi nyumba ya boma musalozeko kamera, usiku kapena masana.

Nabanda: Ndiwonjezere za ulemu, poti usiku kuno kumachitika zambiri. Pa siwa, flash ayi, ndipo popanda chilolezo cha eni maliro kamera isatuluke. Kumudzi kukakhala gule, mumayamba mwaonana ndi amfumu, akakuuzani poima mumaima pomwepo, akati izi ayi ndiye ayi.

Lamulungu masana

Tiyamike: Akuluakulu, ndabwera ndi lipoti. Ndangochoka kutchalitchi, usiku sindinagone ndi kuona zithunzi.

Khoma ndinaliyesa monga munanenera a Yamikani. Pa 1/200 zithunzi zisanu zinatuluka mitundu itatu, ndiye ndinakhala pa 1/100 tsiku lonse. Perekaniperekani anayamba mochedwa monga ananenera asisi Nabanda. Ndinaika 50mm ija, F2, ISO 1600, kenako 3200. Zovina zambiri zagwedezeka ndithu, mwina theka, koma zimene ndinadikira dzanja lifike pamwamba zagwira, mpaka ndalama ikuoneka m'malere.

Cha m'ma 6 koloko, akuchikazi ali pakati povina, magetsi anazima. Holo yonse mdima. Jenereta inatenga nthawi kuti ilire. Anthu anayatsa matochi a mafoni, amayi a kukwaya anayamba kuyimba ndi pakamwa kuti mwambo usazizire. Ine mtima unagunda, ndinafuna kutsegula flash. Kenako ndinaona agogo ake a mkwatibwi atakhala pa mpando kutsogolo, adzukulu awiri atawaunikira ndi mafoni kuchokera mbali imodzi kuti apeze ndalama pa mfundo ya chitenje. Ndinagwada pafupi nawo, kadontho kapakati ndinaloza pa diso, F2, 1/100, ISO 3200. Akumasula mfundo ija akuseka, duku lawo lofiira likuoneka, makwinya a m'manja akuoneka, kumbuyo kuli timagetsi ta mafoni tokhatokha. Mchenga ulipo. Mkwatibwi ndamutumizira m'mawa uno, wandiyimbira akulira, akuti chimenecho achikulitse chikhale pabalaza.

Cholakwika chachikulu ndi chithunzi cha gulu la kwaya. Tinaima mizere itatu, ndinasiya pa F1.8. A mzere wakutsogolo ali bwino, akumbuyo onse achimbuuzi. Shutter inali 1/100 ndipo palibe anagwedezeka. Chinachitika n'chiyani?

Nabanda: Choyamba, chithunzi cha agogocho ndachiyang'ana kangapo. Mwagwira ntchito asisi.

Za gululo, kumeneko si kugwedezeka, ndi focus. Bowo likatseguka kwambiri, malo akuthwa amakhala opyapyala. Pa F1.8 muli pafupi, diso likhoza kukhala lakuthwa khutu ayi. Gulu la mizere itatu limafuna F5.6, mukapanikizika F4, ndipo focus muike pa mzere wachiwiri kapena woyamba, osati wakumbuyo. Kuwala kumene mwataya potseka bowoko mukubweze ndi flash, apa ndiye pamene lenzi yanu ya 18-55mm ndi malangizo a Bambo a Chikondi zikanagwira ntchito. Kapena gulu muzilijambuliratu panja dzuwa lisanalowe.

Bambo a Chikondi: Kwaya ndi yanu yomwe, Lamulungu likubwerali muwauze avalenso yunifolomu muwajambule pa masitepe a tchalitchi. Za azakhali a ku Kawale aja, musawabisire. Muwauze zoona, muwapatse zimene zinatuluka bwino masana, ndipo mupemphe kuti tsiku lina ankhoswe akadzakumana mudzawajambule ndi banja latsopanolo. Ine zinandichitikirapo filimu yonse kupsa, ndinapita ndekha kukapepesa, banja limenelo ndinadzajambulanso maukwati a ana awo.

Kondwani: Ndaona chithunzi cha agogocho pa kompyuta. Pa 3200 sindinkayembekeza kuti 600D ingatulutse chonchi. Ndiyesa nanenso Loweruka. Musaiwale kubweza ISO pa 100 musanajambule masana, apo ayi zonse zidzapserera.

Tiyamike: Ndabweza kale. A Yamikani, lenzi ndibweretsa mawa pa nkhomaliro. Ndayamba kusunga ndalama ya yanga.

Dalitso: Nanga za nyenyezi zija? Ine galimoto ndili nayo, malo a anthu anayi alipo. Tikhoza kunyamuka pa Crossroads 5 koloko, kudutsa Likuni kumutenga Mphatso, tikafike ku Malingunde kusanade kwenikweni kuti tikaonane ndi eni malo.

Yamikani: Ndaona pa kalendala, Loweruka la sabata ya mawa mwezi udzakhala kumdima. Ndibweretsa ma tripod awiri. Tiyamike, tengani lenzi yanu ya 18-55mm, kumeneko 50mm ndi yopapatiza. Majuzi ndi zipewa musaiwale.

Bambo a Chikondi: Mundisungire mpando wakutsogolo, miyendo yanga siipinda bwino. Tiyi wa mu fulasiki ndibweretsa ine.